Ulendo wokaona nkhope ya mkamwini

Mpaka lero ndikaukumbukira ulendo umenewu mtima umayamba kuwira. Anzanga amati, "Aaa, amake Madalo, nanga si zinatha bwino?" Zinatha bwino inde, koma mapazi amene anatupa tsiku limenelo ndi anga.

Ine ndimalera ana pakhomo pena ku Al Ain, tauni ya m'chipululu kutali ndi Dubai. Ndimagona pomwepo, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, ndipo tsiku lopuma limabwera madamu akalifuna. Mwana wanga Madalo ndinamusiya ku Malawi akadali pasukulu. Pano ndi mtsikana wamkulu, amasoka zovala ku Kawale, ndipo ndimangomuonera pafoni. Tsiku lina achimwene anga, omwe ndi malume ake, anandiimbira kuchokera kwathu ku Linthipe.

"Mlongo, kwabwera anthu kudzafunsira Madalo. Mnyamatayo ndi wa ku Dowa, dzina lake Yamikani, ndiye mwayi wake ali komweko kwanuko, amagwira ntchito muhotela ku Dubai. Akubwera patchuthi mlungu wamawa, akufuna chinkhoswe chichitike asanabwerere. Ife tangodikira mawu anu."

Komweko kwanuko! Anthu akumudzi amaganiza kuti Amalawi tonse kuno timatunga madzi pamjigo umodzi. Ndinawayankha kuti mwana wanga sindingamupereke kwa munthu amene sindinamuone m'maso. Chithunzi chimene Madalo ananditumizira sichinandithandize: munthu wavala magalasi akuda ndi kapu, wayedzamira galimoto ya eni ake. Kuchinkhosweko ndinadziwiratu kuti sindikapezekako, madamu anali atakana kale zoti ndipite kumudzi. Choncho ndinatsala ndi Lamulungu limodzi lokha loti ndimuone munthuyu, ndiwauze achimwene kuti inde kapena ayi.

Nambala yake ya foni mnyamatayo sanafune kuti ndikhale nayo. Akuti si ulemu mkamwini kumalankhulana ndi apongozi mwachindunji, zonse zidzere kwa munthu wapakati. Wapakatiyo anali Mai Tembo, namwino wa ku Chipata ku Zambia amene amakhala ku Al Nahda, kumalire a Dubai ndi Sharjah. Amapemphera tchalitchi chimodzi ndi Yamikani, ndipo ine ndinadziwana nawo kale pamene ndinkagwira ntchito ku Dubai. Malo okumanira anasankha ndi iwowo: paki ya m'mbali mwa kanyanja kokumba kamene kali patsinde pa nyumba yaitali kwambiri yotchedwa Burj Khalifa, kufupi ndi ntchito ya mnyamatayo.

"Njira yake ni yosavuta, amake Madalo," anatero pafoni m'Chinyanja chawo chija. "Palibe chitunda, olo nkhalamba iyenda. Tizazungulira nyanja pang'onopang'ono, tikambe, tidye na ayisikilimu."

Madamu anavomera kuti ndipite, koma ndikhale nditabwerako dzuwa lisanalowe chifukwa madzulo kunali alendo. Ndinalawirira kudzuka, ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi ndi nsapato zatsopano zimene ndinkasungira tsiku lalikulu, ndinanyamula chikwama chodzaza nsalu ndi ulusi zoti Yamikani akampatsire Madalo. Ndili pakhomo, madamu balamanthu, mkanjo wawo wakuda uli m'manja. Akuti ndingousita kaye, sizitenga nthawi. Nditatha mkanjo kunabwera malaya a bwana, kenako kamwana kakang'ono kanatayira mkaka pakapeti. Nditamaliza zonsezo ndi pomwe madamu anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Yalla, yalla, fulumira, uchedwatu!" ngati wondichedwetsa anali munthu wina. Ndinangotuluka.

Kusiteshoni ndinafika basi ikutuluka pageti. Ndinaibayibitsa ndi dzanja, dalaivala sanacheuke n'komwe. Kuno si ku depoti ya ku Lilongwe komwe kondakitala amakuthamangira n'kukulanda chikwama. Kuno basi ikatseka chitseko yatseka. Ndinakhala pabenchi kudikira ina, chikwama pamiyendo, nsapato zitayamba kale kundiluma chidendene.

Basi yachiwiri inanyamuka bwinobwino, koma tisanafike ku Al Faqa chifunga chinatseka msewu. Inali nyengo yozizira, ndipo m'chipululu muno chifunga chikagwa munthu suona ngakhale galimoto ya patsogolo pako. Tinayamba kuyenda ngati tikuperekeza maliro. Pena tiime, pena tisunthe pang'ono, magalimoto onse akuphethira nyali. Njala nayo inandipeza pomwepo. Ndinali ndi buledi m'chikwama koma m'basi za kuno saloleza kudya, ukangoluma chindapusa, ndiye buledi uja ankangondinunkhirira.

Pampando wa akazi kutsogolo ndinakhala ndi mayi wina wa ku Philippines, wogwira ntchito musaluni. Ataona kuti ndikungoyang'ana foni anandifunsa chimene chikundithamangitsa. Ndinamufotokozera m'Chingerezi chathu chothyokathyoka chija. Anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Bwanji osangomuimbira pavidiyo, mumuone, khalas, nkhani ithe?"

"Kwathu sizitero," ndinamuyankha mokweza. "Mwana woleredwa bwino sangasuzumire apongozi ake pafoni ngati mnzake wa kumpira."

Taonani zimenezo. Mwambo womwewo umene unkandizunza, ine ndi amene ndinkauikira kumbuyo pamaso pa mlendo. Mayi uja anangogwedeza mutu, ndipo posakhalitsa anagona tulo tofa nato, mutu wake uli paphewa langa. Ndinamusenza mpaka ku Al Lisaili, komwe chifunga chinayera n'kuonetsa ngamila zitaima m'mbali mwa mpanda wa waya. Tsiku lina ndikanazijambula, koma tsiku limenelo zinangondinyansa ndi kutafuna kwawo kosathamanga.

Polowa mu Dubai magalimoto anathithikananso. Pomwe tinkatsika pa Al Ghubaiba ku Bur Dubai n'kuti dzuwa litakwera kale. Ndinathamangira ku Metro, sitima ya m'tauni, geti losatseguka: khadi yanga yokwerera yatha ndalama. Pamakina owonjezera panali mzere, ndipo bambo amene anali patsogolo panga anali ndi ndalama yapepala yokwinyika imene makina ankangoilavula. Aiwongole pantchafu, ailowetse, makina alavule. Aipepese ndi mpweya wa m'kamwa, ailowetse, makina alavule. Ndinafuna kumulanda ndalamayo ndimusitire, poti kusita ndiye ndinali nditazolowera m'mawa umenewo.

Sitima ndinakwera choimirira, ndinasintha pa BurJuman, ndinaimiriranso. Potsika pali mlatho wotsekedwa wamagalasi wopita kumsika waukulu uja wa Dubai Mall, wautali ngati suthera, pansi pake poyenda pokha. Ndinayenda, chikwama chikundidula phewa. M'kati mwa msikawo ndinasochera. Ndinadutsa pamene pali nsomba zikuluzikulu m'galasi, ndinakhota, ndinakwera, ndinatsika, n'kupezekanso pansomba zomwe zija zikundiyang'ana. Mlonda wina ndi amene anandilozera khomo lotulukira kumadzi.

Kunja kanyanja kali mbee, nyumba yaitali ija yalasa kumwamba, anthu ali piringupiringu ndi mafoni m'mwamba. Mai Tembo kunalibe. Ndinawaimbira.

"Iyee, amake Madalo, nili pa jamu! Nachoka mochedwa ku chipatala, manje msewu wa ku Sharjah wazula, motoka siziyenda. Inshallah nizafika."

"Nanga mnyamatayo?"

"Alipo kudala. Akuti akuonani, mwavala chitenje cha buluu, mwanyamula chola chikulu."

"Akundiona? Nanga ine bwanji sindikumuona?"

"Ayembekeza ine. Sangabwere pamenso panu yekha, muziba mwambo."

Mwambo ndimaudziwa, ndinabadwira momwemo. Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera m'njira amapatuka, amalowa patchire, amanjuta chapatali n'kupereka moni atayang'ana kumbali. Sakhala nawo pamphasa imodzi, sadyera nawo pamodzi. Koma kumudzi apongozi amakhala ndi moyo wonse womuonera mkamwini: mmene amagwirira khasu, mmene amayankhulira akaledzera, mmene mkazi wake amatulukira m'nyumba m'mawa. Ine ndinali ndi masana amodzi, ndipo theka lake linali litadyedwa ndi chifunga. Ndinati basi, ngati sabwera ndimusaka ndekha.

Njirayo kunena zoona ndi yosavuta monga ananenera Mai Tembo. Ndi yosalala, yotakata, yopanda chitunda, mabenchi ali apo ndi apo. Umayamba pakhonde la msika, uwoloke mlatho wopita kumsika wina womangidwa ngati nyumba zakale za Aluya, uzungulire m'mbali mwa madzi, ukafike kupaki ya kapinga imene ili pakachilumba, kuseri kwake kukuoneka nyumba ya zisudzo yomangidwa ngati bwato. Munthu wodya bwino, wovala nsapato zomukwana, wopanda katundu, angasangalale nayo. Ine ndinkaiyenda maso ali yuu pa mwamuna aliyense wakuda. Ndinalonjera wina m'Chichewa, anali wa ku Uganda. Ndinalonjeranso wina, anandiyankha m'Chifalansa n'kufulumiza mwendo.

Kenako ndinamuona. Panali munthu mmodzi yekha pagulu lonselo amene sankajambula kanthu. Malaya oyera opisira, buluku lakuda, manja kumbuyo, waima chapatali ngati wabwera kumlandu. Nditangoloza phazi kumene anali, anatembenuka n'kulowa kuseri kwa mtengo wa kanjedza. Ndinafulumira. Pofika pamtengopo n'kuti ali kale patsogolo, kuseri kwa kanyumba kogulitsira zakumwa. Ndinafuna kukuwa dzina lake, koma mkazi wamkulu kumakuwa dzina la mkamwini pagulu, manyazi anandiletsa. Nthawi yomweyo nyimbo inayamba, madzi a m'nyanjamo anayamba kuvina akuthovokera m'mwamba, anthu onse anakhamukira kumpanda, munthu uja n'kusowa pakati pawo.

Ndinakhala pabenchi, thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa bambo wina wosesa, wa ku Bangladesh, anafika ndi botolo la madzi ozizira ndi kapaketi ka mabisiketi.

"Mama, mwana wanu wapereka," anatero akuloza kumene kunalibe munthu.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndiye kuti akundiona kuti ndatopa, akundiona kuti ndili ndi ludzu, akundiona ndikutsimphina ndi chikwama cholemera ngati thumba la chimanga, koma ulemu wake wathera potuma munthu wosesa. Madziwo ndinamwa, poti ludzu silidziwa mkwiyo. Mabisiketi ndinampatsa wosesa uja.

Ndinazunguliranso. Ndikaima naye aime, ndikayenda naye ayende, nthawi zonse patali pomwe maso anga sangagwire nkhope. Pakapinga wa pachilumba ndinavula nsapato. Zidendene zonse zinali zitasupuka. Foni inalira, anali madamu, akufunsa komwe ndaika bulangete la mwana ndi kundikumbutsa kuti alendo safuna kupeza ana osasamba. Itangoduka inaliranso, Mai Tembo.

"Nikali ku Deira, amake Madalo. Osakalipa. Mwina tichite tsiku lina?"

"Tsiku lina liti? Munthuyu akukwera ndege mlungu uno. Ine basi yanga ndiyenera kuipeza posachedwapa. Muuzeni kuti akapanda kubwera pano ndiwauza achimwene kuti ayi."

"Namuuza kudala. Akuti achita mantha kuti mukamuona yekha muzati alibe mwambo, mumukane."

Ndinadula foni. Ndiye kuti iye akuthawa kuti ndisamukane, ine ndikufuna kumukana chifukwa akuthawa. Ndinayang'ana dzuwa, linali litapendeka. Ndinanyamula nsapato m'manja, chikwama paphewa, n'kulunjika pamlatho wotulukira pachilumbapo ngati munthu amene wagonja akupita kwawo. Sindinacheuke. Ndinayenda mpaka kutsala pang'ono kutsirizira mlatho, ndikudziwa kuti akunditsata. Kenako ndinatembenuka mwadzidzidzi n'kubwerera ndi liwiro limene sindinkadziwa kuti ndikadali nalo.

Anali pakati penipeni pa mlatho. Kumanzere madzi, kumanja madzi, kumbuyo kwake gulu la alendo odzaona malo litadzaza njira yonse, wowatsogolera atakweza kambendera. Tchire lopatukiramo panalibe. Mnyamata uja anayang'ana uku ndi uku, kenako anagwada pansi pomwepo, mutu woweramitsa, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

Ndisanayankhe, alendo aja anatizungulira. Kumalo kumeneku azungu amakonda kugwadira akazi powafunsira ukwati, ndiye ataona mwamuna wagwada pamlatho patsogolo pa mkazi, anaganiza zomwezo. Mafoni onse kwa ife. Anayamba kuomba m'manja nawonso, wina akuimba likhweru, mayi wina wachikulire akukuwa m'Chingerezi kuti, "Vomera! Vomera!" Ine chiimire, wopanda nsapato, mkamwini wanga ali pamapazi anga, dziko lonse likundiuza kuti ndimulole. Chibadwire sindinachitepo manyazi ngati amenewo.

"Dzukani," ndinatero mano ali gwa. "Dzukani msanga, bambo, musanandiphe ndi manyazi. Tengani chikwamachi. Mwachionerera tsiku lonse, pano chinyamuleni."

Anadzuka, analandira chikwama ndi manja awiri, maso ali pansi. Ndinatsogola kubwerera pachilumba, alendo aja akutiperekeza ndi m'manja. Pabenchi ya pamthunzi ndinakhala. Iye ananjuta pakapinga chapatali, atapereka mbali.

"Mwandifunsa kuti ndaswera bwanji," ndinayamba. "Ndachoka ku Al Ain chopanda kudya. Ndazungulira nyanja iyi ngati wamisala. Taonani mapazi angawa. Aaa, ndaiwala, simungaone, mukulemekeza."

"Pepani amayi. Malume anga anandilangiza kuti ndisadzayerekeze kuima pamaso panu popanda wamkulu. Ndimaopa kulakwa."

"Sunthirani kuno."

Anasuntha pang'ono.

"Ndiyang'aneni."

"Amayi, sindingathe."

"Tamverani, bambo. Bambo ake a Madalo anali munthu waulemu kuposa inu. Amayi anga akamabwera m'njira, iwo ankalowa patchire mpaka minga kuwabaya. Mudzi wonse unkati Linthipe sinaonepo mkamwini wotere. Amayi anga anamwalira osadziwa nkhope ya munthu amene ankandimenya chitseko chikatsekedwa, chifukwa sanaionepo. Ine ulemu wa kumbali ndinauona, ndipo zipsera zake ndili nazo. Mwana wanga sindimupereka kwa khutu ndi phewa. Ndiyang'aneni, apo ayi ndikukakwera basi ndipo yankho langa mukulidziwa."

Kenako anatembenuka, anadzutsa mutu pang'onopang'ono ngati ukulemera, mpaka maso athu anakumana.

Anali mwana. Magalasi akuda aja ankabisa nkhope yowonda, yotopa, ya munthu wogwira ntchito choimirira, maso ofiira ndi mantha. Milomo inali itauma. Madzi ananditumizira ine, iye sanamwe. Ankaphethira kwambiri koma sanathawitse maso.

"Mukakwiya mumatani?" ndinamufunsa.

"Ndimakhala chete, amayi. Nthawi zina mpaka mawa lake. Madalo amadana nazo, anandiuza kale kuti khalidwe limenelo ndilisiye."

"Mwalisiya?"

"Ndikuyesa. Sindinathe."

Akanati sakwiya, ndikananyamuka pomwepo. Ndinamufunsa zina, za kwawo, za ntchito, za komwe adzakhale Madalo iye akabwerera kuno. Ena mwa mayankho ake sanandikhutitse, ndipo ndinamuuza. Koma nthawi yonseyo ndinkangomuyang'ana, mwina kupitirira muyeso, mpaka mkwiyo uja unayamba kusanduka chinthu china chowawa kuposa zidendene. Maso amenewa mlungu womwewo akaona mwana wanga. Akamuona akuseka, akamuona atavala zachinkhoswe, akaona ngati wanenepa kapena waonda, zimene foni imabisa. Ine amene ndinamubereka ndidzakhala ndikusambitsa ana a eni.

Nthawi inali itatha. Nsapato zinakana kulowa, ndinaziponda kumbuyo ngati masilipasi. Yamikani anathamanga kukaimitsa takisi yoti indifikitse ku Al Ghubaiba, ndipo ulendo uno anayenda pambali panga, ngakhale ankasiyabe mpata woti n'kudutsa njinga. Ndili m'takisimo chitseko chisanatsekedwe, ndinaimbira achimwene iye akumva.

"Achimwene, ndamuona. Pitirizani."

Mnyamata uja mawondo anayamba kupindika kuti agwadenso pamsewu pomwepo.

"Ayi, ayi, zimenezo zakwana lero," ndinamuletsa. "Ntchito imene ndikukupatsani ndi iyi. Mukafika mukamuyang'ane Madalo bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mukabwerako mudzakwere basi ya ku Al Ain, mudzandiuze mmene alili mwana wanga. Osatuma Mai Tembo, osatuma wosesa. Inuyo, pamaso panga."

"Ndamva, amayi," anatero, maso atabwereranso pansi.

"Mukuuza ndani, msewu?"

Anadzutsa mutu. Dalaivala anali atayamba kale kung'ung'udza kuti tikutseka njira, ndipo galimoto inanyamuka tikuyang'ananabe. Ndinalira kuyambira pamenepo mpaka ku Bur Dubai, ndipo dalaivala, poganiza kuti ndi mapazi, anandipatsa pulasitala.